Wotuluka pa machira

Ndikamaonera mpira wa amayi pa kanema, pali chinthu chimodzi chimene chimandidzutsa pampando n'kuthawira kukhitchini ngati ndaiwala mphika pamoto. Ndi pamene mtsikana wagwa yekha, popanda womukankha kapena womutchera mwendo, n'kugwira bondo ndi manja onse awiri. Amene sanasewerepo amayamba kukuwa kuti, "Wagwa bwanji poti palibe wamukhudza? Akungodya nthawi ameneyo!" Ine pamenepo m'mimba mumandizizira, chifukwa kugwa koteroko ndimakudziwa. Ndinagwapo choncho, ndipo mpira wanga unathera pomwepo.

Ndinali ndi zaka 19, ndikutchinga kumbuyo m'timu ina ya atsikana ya m'dera lathu ku Blantyre. Bwalo lathu linali la fumbi, louma gwa m'chilimwe, ndipo pakona ina panali kanjira kamene amayi opita kuchigayo ankadutsa, madengu ali pamutu, ngakhale mpira uli mkati. Nsapato zimene ndinkavala zinali za achimwene anga, zazikulu pang'ono, kutsogolo ndinkaikako nyuzipepala. Tsiku limenelo mpira unandidutsa pamwamba. Ndinatembenuka kuti ndiulondole, koma phazi linakanirira pansi pomwe thupi linali litapita kale. M'kati mwa bondo ndinamva kuti thu, ngati chingwe choyanikira zovala chaduka. Ndinafuna kudzuka, mwendo unakana.

Machira kunalibe. Wapagolo wathu, mtsikana wamtali wochokera ku Mulanje, anavula magolovesi n'kundibereka kumsana ngati mwana mpaka kumsewu, anzathu ena akusonkha ndalama za minibasi kuchokera pa zimene anasungira tchipisi cha pachiwaya. Kuchipatala anandijambula n'kundiuza kuti fupa silinathyoke, ndangobinya. Anandimanga bandeji, kundipatsa mankhwala opha ululu, n'kuti ndikapume. Sindiwaimba mlandu anthu amene aja. X-ray imaona mafupa, mtsempha siiona. Woona mtsempha ndi makina a MRI, ndipo nthawi imeneyo ine ngakhale dzina lake ndinali ndisanalimvepo. Patatha miyezi iwiri ndinabwerera kubwalo. Poyenda bondo linali bwinobwino, pothamanga molunjika linali bwinobwino, koma ndikangoti ndikhote linkagwedera ngati mwendo wa tebulo wosakhomedwa, kenako n'kutupa. Zinachitika katatu. Kachinayi sindinayesenso.

Dzina la chimene chinandichitikira ndinalimva patapita zaka zambiri, kwa munthu wina wodziwa za mafizo amene anangogwira mwendo wanga, kuukoka pang'ono, n'kupukusa mutu. Anati ACL. Ndi kamtsempha kakafupi, kosaposa chala, kamene kali m'kati mwenimweni mwa bondo. Kamamanga fupa la ntchafu ndi fupa la m'munsi kuti la m'munsilo lisasererekere kutsogolo kapena kupotokola munthu akamakhota. Kakaduka kotheratu, nthawi zambiri sikalumikizana kokha ngati mmene fupa limachitira m'chikhakha. Kuti wosewera abwererenso, madokotala amadula kachigawo ka mtsempha wina, wa kuseri kwa ntchafu kapena wa kutsogolo kwa bondo, n'kuboola mafupa n'kukamangamo. Zikatero pamakhala miyezi 9 mpaka 12 ya mafizo, ena kuposera apo. Ndipo ambiri amene kamtsemphaka kamawadukira sakhala kuti agundidwa ayi. Amakhala akutera atadumpha, akuima mwadzidzidzi, kapena akutembenuka monga ndinachitira ine.

Poyamba ndinkaganiza kuti ili ndi tsoka la ife osewera pa fumbi. Kenako linagwera anthu amene ali ndi chilichonse. Alexia Putellas wa ku Spain, amene anatenga Ballon d'Or, mphoto ya wosewera woposa onse padziko lapansi, mu 2021 ndi 2022, bondo linamudukira pokonzekera, kutangotsala tsiku limodzi kuti mpikisano wa Euro 2022 uyambe. Marie-Antoinette Katoto wa ku France linamudukira mpikisano womwewo uli mkati. Ku Arsenal ndiye kunali ngati mliri: Beth Mead mu Novembala 2022, Vivianne Miedema mwezi wotsatira, Leah Williamson mu Epulo 2023, kenako Laura Wienroither pa 1 Meyi, pamaso pa anthu oposa 60,000 pa bwalo la Emirates. Anthu anayi, timu imodzi, chaka chimodzi cha mpira. Williamson anali kaputeni wa England, ndipo World Cup ya 2023 anaionera panja pa bwalo. Aneba athu a ku Zambia anapita ku World Cup yomweyo, yoyamba m'mbiri yawo, wapagolo wawo wodalirika Hazel Nali atavulala bondo masiku ochepa mpikisano usanayambe. Sam Kerr wa Chelsea anavulala ku Morocco mu Januwale 2024 timu ili kokonzekera, ndipo anabwerera mu Seputembala 2025, patatha miyezi 20. Christen Press wa ku America anachitidwa maopareshoni anayi pa bondo limodzi, n'kukhala zaka ziwiri osasewera.

Ofufuza amati mkazi wosewera mpira ali pa chiopsezo cha kuvulala kotere kuwirikiza kawiri mpaka kasanu ndi kamodzi kuposa mwamuna. Akafunsidwa chifukwa, ambiri amathamangira kunena za chilengedwe: kuti chiuno cha mkazi n'chotambalala ndiye bondo limalowa m'kati akamatera, kuti kusamba kwa mwezi ndi mwezi kumafewetsa mitsempha. Zina mwa izo mwina n'zoona, koma ine zimandinyansa zikamanenedwa zokhazokha, chifukwa zimamveka ngati akuti Mulungu ndiye sanatilengere mpira. Nanga nsapato bwanji? Kwa zaka zambiri nsapato za mpira zinkapangidwa potengera phazi la mwamuna, mkazi n'kumangogula yaing'ono yake. Nanga mabwalo, poti amayi amapatsidwa otsala? Nanga mnyamata amene walowa akademi ali ndi zaka 9 n'kuphunzitsidwa kulimbitsa ntchafu ndi kutera bwino, pomwe mtsikana amakumana ndi mphunzitsi weniweni ali ndi zaka 17? Masewero nawo achuluka msanga kuposa mmene madokotala ndi anthu a mafizo achulukira m'matimu. N'chifukwa chake mu 2024 bungwe la osewera la FIFPRO, pamodzi ndi PFA, bungwe la osewera a ku England, Nike ndi Leeds Beckett University, anayamba kafukufuku wa zaka zitatu wotchedwa Project ACL, woti ayang'ane zimene zamuzungulira wosewera osati thupi lake lokha.

Koma chimene ndimachiganizira kwambiri ndi zimene zimachitika machira akatuluka. Oyimbira amaimba wezulo, wina amalowa m'malo mwako, masapota amabwerera ku nyimbo zawo. Iweyo wayamba ulendo wina umene palibe kamera imaulondola. Anzako akamathamanga panja, iwe uli pa mphasa ukuphunziranso kupinda mwendo, ntchafu itafota ngati ya munthu wodwala. Anayi a ku Arsenal aja tsoka lawo linabwera ndi kamwayi kena, koti anali limodzi m'chipinda cha mafizo. Amene anavulala kaye ankatha kuuza mnzake kuti zimene ukumvazi nanenso ndinazimva, zimatha.

Ine ndinali ndekha, koma anzanga anayesetsa ndithu. Sabata zoyamba ankabwera kunyumba akaweruka kokonzekera, thukuta lili thithithi, n'kukhala pakhonde kundifotokozera amene wakanganako ndi mphunzitsi. Mayi anga, amene sanaufunepo mpira umenewu, ankawaphikira tiyi osanena kanthu. Nditayamba kuyenda, kaputeni wathu anandiuza kuti, "Iwe usamakhale pakhomo. Bwera uzitiyambitsira nyimbo." Ndinkapita, kukhala pa mwala umene unali benchi yathu, kusunga mafoni ndi zigubu za madzi. Ndinene zoona, zinkandipweteka kuposa bondo lenilenilo. Tsiku lina jezi yanga nambala 5 inavalidwa ndi mtsikana wina wa zaka 16, ndipo anasewera bwino kwambiri. Ndinamuwombera m'manja, ndinamuyamikira, kenako kunyumba ndinalira mpaka tulo. Pang'ono ndi pang'ono ndinayamba kujomba, iwonso kubwera kunachepa. Palibe amene analakwa. Ligi inali ikupitirira, ndipo iwo anali ndi miyendo.

Ndi maso amenewa amene ndimaonera ma Scorchers, timu ya amayi ya dziko lathu. Kwa zaka zambiri dziko lakunja likamva za mpira wa amayi wa ku Malawi limamva dzina limodzi, Chawinga, ndipo m'pomveka. Tabitha, mwana wa ku Rumphi amene anayamba kusewera ndi anyamata, anadutsira ku DD Sunshine ku Lilongwe n'kupita ku Sweden mu 2014. Wakhala womwetsa zigoli zambiri mu ligi ya Sweden, ya China, ya Italy ali ku Inter ndi zigoli 23, ndi ya France ali ku PSG ndi zigoli 19, asanapite ku Lyon. Mng'ono wake Temwa anamutsatira ku Sweden ndi ku China, ndipo mu 2024 atalowa Kansas City Current anagoletsa zigoli 20 mu ligi ya ku America ya NWSL, kuphwanya mbiri ya Sam Kerr ya zigoli 18. Timu yakeyo imasewera pa CPKC Stadium, bwalo la anthu 11,500 limene linamangidwira timu ya amayi yokha basi. Ndikaliona pa kanema ndimakumbukira kanjira ka kuchigayo kaja.

Timu yokhala ndi akatswiri otere imagwa m'chizolowezi choopsa: aliyense akapeza mpira amauponya kutsogolo n'kuima kudikira chozizwitsa. Ife oonera ndiye timaposa. Koma kumbukirani tsiku limene tinatenga chikho cha COSAFA, cha mayiko a kumwera kwa Africa, koyamba, mu Okutobala 2023 ku Pretoria, titagonjetsa Zambia 2-1. Temwa anali atagoletsa zigoli 9 mu mpikisano wonsewo, komabe zigoli ziwiri za mu fainolo zinachokera kwa Asimenye Simwaka, yemwe ndi katswirinso wothamanga, ndi Sabina Thom, amene anagoletsa chopambanira mpira uli pafupi kutha. Zaka ziwiri m'mbuyomo tinali titagonja 1-0 mu fainolo kwa Tanzania. Tsiku la ku Pretoria ndinayamba kukhulupirira kuti pali timu, osati alongo awiri ndi operekeza.

Chaka cha 2025 chinayesa chikhulupiriro chimenecho. Mu Ogasiti, Barbra Banda wa ku Zambia, amene miyezi 9 m'mbuyomo anagoletsa chigoli chopatsa Orlando Pride ukatswiri wa NWSL, anaduka mtsempha wa m'mphechepeche mwa ntchafu akusewera ndi Kansas City yomweyo ya Temwa. Chaka chake chinathera pomwepo. Kuno ena ankaseka pa Facebook, poti paja ife ndi a Zambia pa mpira ndife apachibale osamwerana madzi. Ine sindinaseke. Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe, ndipo mawalo silinachedwe: mu Okutobala Temwa naye anavulala m'mphechepeche momwemo, kutangotsala masiku ochepa kuti ma Scorchers akumane ndi Angola polimbirana malo ku WAFCON, mpikisano wa amayi wa mayiko a mu Africa umene dziko lathu linali lisanafikeko chiyambire.

Nkhaniyo itamveka, anthu ambiri amene ndimacheza nawo anataya mtima. Ku Luanda tinalepherana 0-0. Pa 28 Okutobala 2025, pa Bingu National Stadium ku Lilongwe, nthawi inkapita zigoli kulibe, ine ndili chiimire m'nyumba. Chakumapeto kwa masewero Faith Chinzimu, mtsikana wamng'ono amene nthawiyo ankasewera ku BK Häcken ku Sweden, anagoletsa, n'kugoletsanso. 2-0. Timu ya Lovemore Fazili inapita ku WAFCON koyamba popanda wosewera amene patangotha milungu ingapo anasankhidwanso kukhala woposa onse mu ligi ya ku America, kachiwiri motsatizana. Ndinakuwa mpaka ana a aneba anabwera kudzasuzumira pawindo. Koma nditakhala pansi maganizo anga anapita kwa Temwa. Ndinamuganizira ali kutali, akusangalala ndi mtima wonse, kwinaku akumva kanthu kena kamene wovulala yekha amakadziwa, koti khomo limene wakhala ukuligogoda zaka zonsezi latseguka tsiku limene iwe kulibe. Ndikhulupirira anzake anamuimbira foni asanavule nsapato.

Usiku wa tsiku lomwelo, ku Derby ku England, Michelle Agyemang wa zaka 19 anatuluka pa machira England ikusewera ndi Australia. Ameneyu ndi amene miyezi itatu m'mbuyomo anapulumutsa England kawiri ndi zigoli za kumapeto pa Euro 2025. ACL. Zaka zake zinali zanga zija. Ndinazimitsa kanema.

Sindikufuna kunamiza munthu kuti mtima umodzi umalowa m'malo mwa katswiri nthawi zonse. Kansas City inamaliza ligi ya 2025 ili pamwamba patali zedi ndi ena onse, Temwa atagoletsa zigoli 15. Itafika ndime ya chipulula iye kulibe, inagonja 2-1 pakhomo pake kwa Gotham, timu imene inalowa m'ndimeyo ili pa nambala 8. Atsikana amenewo ankakondana, ankagwirizana, ankamenyerana nkhondo chaka chonse. Koma liwiro la Temwa silibwerekedwa. Nthawi zina dzenje limene wovulala wasiya limakhala dzenje basi, ndipo anzake amagweramo.

Palinso china chimene chimandivuta ndi mawu akuti mtima umodzi, makamaka kuno kwathu. Timawatchula kwambiri pamene palibe china choti tipereke. Mtsikana akavulala m'timu ya m'boma kapena ya m'tauni, timayamikira anzake kuti asonkha, amubereka, amuyendera, ndipo n'zoyamikirika ndithu. Koma chifukwa chiyani ana osagwira ntchito ndiwo azisonkha? Dokotala wa timu ali kuti, inshuwalansi ili kuti, ndani alipire MRI ndi opareshoni? Chloe Kelly anaduka ACL mu Meyi 2021, ndipo patatha miyezi 14 anagoletsa chigoli chopatsa England chikho cha Euro pa Wembley, anthu 87,192 akuonera. Anthu amakonda kunena za kulimba mtima kwake, ndipo analimbadi. Koma kumbuyo kwake kunali dokotala wa mabondo, anthu a mafizo tsiku ndi tsiku, ndi malipiro amene sanaime. Ine mtima ndinali nawo wofanana ndi wake, anzanga ondikonda ndinali nawo mwina kuposa iye. Chimene chinasowa ndi munthu woti alowe m'bondo n'kumanga chingwe chija. Ndikamva anthu akutamanda Lucy Bronze wa England ndi Chelsea kuti anasewera Euro 2025 yonse fupa la mwendo litang'aluka, ndimamulemekeza, koma ndimaopa kuti mphunzitsi wina kuno amva nkhaniyo n'kuuza mwana wa eni ake kuti, "Limba, anzako amasewera atathyoka." Mwana ameneyo akalumala alibe Chelsea yomusamalira.

Chimene chimandiwawa kwambiri n'choti mbali ina ya vutoli siifuna ndalama. Pali ndondomeko yotenthetsa thupi yotchedwa FIFA 11+, ya mphindi 20 zokha: kuthamanga pang'ono, kuima ndi mwendo umodzi, kulimbitsa minofu ya kuseri kwa ntchafu mnzako atakugwira akakolo, kuphunzira kudumpha ndi kutera bondo lili molunjika ndi zala za phazi osati litagwera m'kati. Inayesedwa pa atsikana osewera mpira ku Norway, ndipo inachepetsa kuvulala ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Ifeyo kutenthetsa thupi kwathu kunali kuzungulira bwalo kawiri n'kuyamba kumenya mashoti. Palibe anandiuzapo kuti kutera kuli ndi katere kake. Masiku ano Loweruka lina ndimapita pa bwalo la pafupi ndi kwathu pamene tiatsikana timasewera, ndipo mphunzitsi wawo amandipatsa mphindi zoyambirirazo. Amadandaula kuti, "Anti, tiyambe mpira!" Ine ndimakweza chitenje n'kuwaonetsa bondo limene limatupa ndikangoyenda mtunda, n'kuwauza kuti adumphenso. Wina akavulala ndimauza anzake kuti amusungire malo pa benchi ndipo azimufunsa maganizo pa nthawi yopuma, chifukwa kusunga mafoni kokha sikumukwanira munthu amene anali wosewera.

Madzulo a tsiku la pa Bingu, phokoso litazirala, foni yanga inaitana. Nambala sindinaidziwe, inali ya ku South Africa. Nditayankha ndinamva mawu amene ndinali ndisanawamve zaka zoposa khumi, a wapagolo wathu uja wa ku Mulanje. Ali ku Johannesburg tsopano, amagwira ntchito m'nyumba ya anthu, ndipo nambala yanga anaifufuza kudzera mwa anzathu atatu. Anati anaonera pa foni, atabisala m'chipinda chochapira. Tinakuwa, tinaseka, tinatchula mayina a atsikana onse a timu ija mmodzimmodzi, amene anakwatiwa, amene ali kunja, awiri amene anatisiya. Kenako anakhala chete pang'ono n'kufunsa kuti, "Nanga iwe nambala 5, bondo lija likuti bwanji?" Ndinamuuza kuti limawawa kukamazizira. Iye anati msana wake nawo sunaiwale, ndinali wolemera ngati thumba la chimanga, ndipo msewu unali kutali.